Mapiritsi afika nthawi yake, phala lachedwa

Loweruka. Ndinakwera minibasi ku Limbe kukaona azakhali kunyumba yosungirako okalamba imene mpingo wina umayendetsa. Azakhali ali ndi shuga, ndipo kumeneko si iwo okha.

Ndinafika cha m'ma 9 koloko phala lisanapse, poti nkhuni zinanyowa ndi mvula ya usiku. Koma mapiritsi anali atagawidwa kale mamawa, monga mwa masiku onse. Pakhonde panali agogo ena aamuna, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, ukawafunsa ichi akuyankha icho. Mtsikana wowasamalira anangoti, "Agogowa amatero, ndi ukalamba." Mayi wina, nesi wopuma pantchito amene amabwera kudzathandiza, anapukusa mutu. Anawabaya chala, kamakina koyezera shuga m'magazi kanaonetsa 58. Pansi pa 70 ndiye kuti shuga watsika. Anasungunula masupuni atatu a shuga m'madzi n'kuwamwetsa, anadikira mphindi 15, anayezanso, kenako anawapatsa mbatata yotsala dzulo. Posakhalitsa agogo aja anayamba kufunsa za mpira wa Bullets.

Mtsikanayo sindikumuda. Tonse tinakula tikumva kuti wodwala shuga asalawe shuga, ndiye ndani akanaganiza zoti shuga yemweyo n'kukhala mankhwala? Anesi aja anamuuza modekha. "Mwanawe, mapiritsi a shuga amene agogowa amamwa, glibenclamide, sadziwa zoti phala lachedwa. Amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo kwa okalamba amene impso zafooka amakhalitsa m'thupi." Anati metformin, mankhwala enanso a shuga, payekha satsitsa shuga mpaka kufika pamenepo kawirikawiri, choncho mwezi uno akapita ku Gulupu akafunse adokotala ngati mankhwala a agogowo angasinthidwe. Anawonjezera kuti munthu akakomoka osamuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe. Ameneyo ndi wa kuchipatala, msangamsanga.

Ine ndikuona kuti pa nyumba ngati iyi vuto lalikulu si kusowa kwa chifundo ayi. Wophika ali ndi nthawi yake, wogawa mankhwala ali ndi yake, wausiku sauza wamasana zimene zachitika. Kumudzi mdzukulu amadziwa kuti agogo sanadye, koma pano munthu mmodzi amayang'anira agogo ambiri.

Azakhali amabaya insulin, jakisoni wotsitsa shuga. Magetsi akathima, botolo lawo amaliika mumtsuko wokhala pamchenga wonyowa, pamthunzi. Ndinawavula nsapato kuti ndione mapazi, maka pakati pa zala, chifukwa shuga amapha mitsempha ndipo munthu amatha kuponda minga osamva. Chilonda palibe, koma chidendene chang'ambika, ndiye ndinawadzoza mafuta. Iwo nkhani yawo inali ina: atopa ndi mgaiwa, akufuna nsima yoyera ngati ya pa ukwati. Ndinaseka, iwo osaseka.

Ndisanachoke tinagwirizana ndi oyang'anira nyumbayo kuti mapiritsi a shuga aziperekedwa chakudya chili kale m'mbale, ndipo pakhale kope limodzi lolembamo nthawi yodya, nthawi ya mankhwala ndi nambala imene kamakina kaonetsa. Kopelo lizipita ku kiliniki limodzi ndi mabuku awo a kuchipatala. Timapepala toyezera tatsala tochepa ndipo mtengo wake ku famase ndi woboola m'thumba, ndiye Lolemba ndiimbira achimwene ku Lilongwe kuti ulendo uno agule ndi iwo.