Nyama yanga yoyamba ku Joni

Abwana a alamu anga ndi mlenje, koma zipolopolo sagula kusitolo. Amatolera makoko owombera kale, kuyeza onga pa kasikelo ngati wogulitsa golide, n'kudzipangira okha. Chisanu chikamayandikira, alenje a ku Johannesburg akamakonzekera zokasaka nswala ndi ngoma ku Limpopo, iwo amayamba ayesa kaye zipolopolozo. Ndiye Loweruka lina alamu ananditenga kumalo owomberako mfuti kunja kwa tauni, ati kuli kaganyu kolemba manambala.

Manambalawo amachokera m'kabokosi kotchedwa chronograph, kamene amakaimika pamiyendo itatu, mamita 3 kapena 4 kutsogolo kwa mfuti. Kali ndi maso awiri oyang'ana kumwamba, ndi timitengo tachitsulo m'mbali. Mthunzi wa chipolopolo ukadutsa diso loyamba wotchi imayamba, ukadutsa lachiwiri imaima, basi liwiro laoneka. Mfuti yawo ya .308 inkatulutsa cha m'ma 2,700. Amenewo ndi mafiti pa sekondi imodzi, mamita oposa 800. Abwanawo sasamala za nambala yaikulu ayi, amafuna manambala oyandikana. Akatalikirana, ukawombera patali chipolopolo china chimagwa msanga, nswala n'kumapita ikukuseka.

Ntchito inkayenda bwino mpaka pakamwa panga panayabwa. Ndinauza alamu kuti kwathu ku Ntcheu njiwa zinkathawa zikangoona legeni yanga. Iwo m'malo mongoseka anakamasulira kwa abwana, n'kuthirako ndi mchere. Abwana aja ati bwerani muwombeko kamodzi, iwo ataima pambali panga.

"Alamu, muloze chakumtunda, pakati pa timitengoto," alamu anandinong'oneza.

"Alamu, khalani phee muone ntchito."

Ndinasuzumira m'galasi lolozera la pamfuti, kamtanda kake kali bwinobwino pamwamba pa kabokosi. Zoti galasilo limakhala masentimita 4 kapena 5 pamwamba pa mpope wa mfuti, moti pafupi chonchi chipolopolo chimadutsa m'munsi mwa pomwe diso laloza, ndinazimva pambuyo pake, makutu akulirabe.

Phuu! Kabokosi kanadumpha, batire uko, timitengo uko, miyendo itatu ija n'kugwa chagada mwaulemu wake. Kunangoti zii. Kenako abwana anafunsa kuti liwiro ndi zingati, ndipo alamu, nkhope ili gwaa, anatola kope n'kulemba kuti: lokwanira.

Abwana anaseka mpaka kukhala pansi, koma za ndalama yaganyu sanazitchule, nanenso sindinafunse. Pano anagula kena koyendera radar kamene kamakhala pambali pa mfuti, kosatheka kukawombera. Kakale kaja anakapachika m'galaja pakati pa nyanga za ngoma, tsiku ndi dzina langa zili m'munsi.

Alamu sanathere pomwepo. Usiku womwewo anatumiza mawu pa WhatsApp kumudzi kuti ndapha nyama ndi chipolopolo chimodzi chokha. Mpaka lero mayi a ana akufunsa kuti yofutsayo ndaipatsira basi iti.