Woluza Chisankho Amatsala ndi Chiyani?

Ntchito yanga ndi yoyendetsa thiraki. Ndimanyamuka ku Chirimba, kutulukira pa Mwanza n'kulowa Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Changara, Catandica, Chimoio mpaka kudoko la Beira ku Mozambique. Mu 2016 msewu umenewu sunali woyenda wekha. Tinkandandalika m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, kudikira asilikali kuti atiperekeze, galimoto yawo ina kutsogolo ina kumbuyo. Akangoti tiyeni, palibe zoima, kaya injini yatentha kaya mkodzo wakupana. M'tchiremo munali anyamata a Renamo, chipani chotsutsa chomwe chinasainira mtendere ndi boma la Frelimo ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chaka chomwecho cha 2016 anthu a ku Tete ankathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani ku Neno unatsegulidwanso.

Anzanga apamsewu akamakamba nkhaniyi amaidula mwachidule: "Amwene, n'zamitundu zimenezo, Andau ndi Achangana sadzamwerana madzi." Sindikana kuti mtundu ulimo. Eduardo Mondlane, Samora Machel ndi Joaquim Chissano, onse atsogoleri a Frelimo, kwawo kunali ku Gaza kummwera. Afonso Dhlakama wa Renamo anali Mndau wa ku Chibabava m'chigawo cha Sofala. Koma ine ndimaona kuti chomwe chinabwezera anthu kutchire ndi kagawidwe ka mphamvu chisankho chikatha.

Taonani za 1994. Chissano anapeza mavoti 53 peresenti, Dhlakama pafupifupi 34. M'nyumba ya malamulo Frelimo inatenga mipando 129, Renamo 112. Ku Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula anthu ambiri anavotera Renamo. Ndiye mukuganiza kuti abwanamkubwa a zigawo zimenezi anachokera chipani chiti? Malamulo ankati amawasankha ndi pulezidenti, ndipo Renamo sinapatsidwe ngakhale chigawo chimodzi. Mu 1999 Dhlakama anafika pafupifupi 48 peresenti, n'kubwereranso chimanjamanja. Zili ngati chipereganyu chomwe nonse mumasonkha mwezi ndi mwezi koma wolandira amakhala yemweyemweyo. Munthu woti mfuti sanabweze zonse, mukamuchita zimenezi kangapo, amakumbukira komwe anazikwirira. Mu 2012 Dhlakama anabwerera ku Gorongosa, ndipo anakafera komweko mu 2018.

Ku Angola zinathamanga kuposa apa. Anavota mu Seputembala 1992, Jonas Savimbi wa gulu lotsutsa la UNITA anakana zotsatira, nkhondo n'kuyambiranso mpaka iye ataphedwa mu 2002.

Dziko lomwe limandipatsa maganizo kwambiri ndi Burundi, mwina chifukwa kwa nthawi yaitali sopo ndi shuga tinkagula pa shopu ya munthu wa kumeneko, mmodzi mwa aja timangowatchula onse kuti Maburundi. Mu Juni 1993 anasankha Melchior Ndadaye, Mhutu woyamba kuwina upulezidenti pa voti. Pofika Okutobala asilikali anali atamupha, chifukwa gulu lankhondo linali m'manja mwa Atutsi omwe ankaona kuti voti yawalanda zonse. Nkhondo inatenga zaka zoposa khumi. Pa zokambirana za ku Arusha, zomwe anayamba kuziyendetsa Julius Nyerere n'kumalizitsa Nelson Mandela mu 2000, sanachite manyazi kutchula mitundu poyera. Malamulo a 2005 anagawa mipando ya aphungu: 60 peresenti Ahutu, 40 Atutsi, ndipo usilikali theka ndi theka. Chipani chilichonse chinayenera kusakaniza mitundu pa mndandanda wa oimira. Aneba awo a Rwanda anasankha njira ina, kufufuta mtundu pa chiphaso n'kuletsa ndale zotchula mitundu. Burundi inadzasokonekeranso mu 2015 pulezidenti Pierre Nkurunziza, Mhutu, atafuna kuima kachitatu, koma otsutsana naye ambiri anali Ahutu anzake. Kwa ine chimenechi si chinthu chaching'ono: anthu anakangana za mpando ndi malamulo, mzere wa mtundu sunali woyamba.

Ife kuno nkhondo sitinamenye, tinangosunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi ochokera ku Mozambique. Koma mabala tinalowa nawo m'matipate. Apongozi anga aamuna, bambo a mayi a kunyumba, ndi a ku Rumphi. Ankaphunzitsa kuno kummwera mpaka 1989 pomwe boma la nthawi imeneyo linalamula aphunzitsi a kumpoto kubwerera kwawo. Nkhaniyi saikamba mokweza mawu. Amangoti, "Mkamwini, tinakwezedwa ndi katundu yemwe, mbewu zili m'munda." Munthu wotero akavotera wakwawo, ine sindingamutche watsankho.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 nyali ya matipate inawina kumpoto ndi kummwera, tambala wakuda wa chipani chimodzi n'kulimba pakati. Pa 17 Meyi 1994 mapu anaoneka ngati ajambulidwa ndi rula: Bakili Muluzi 47 peresenti, ambiri a kummwera, Kamuzu Banda 33, a pakati, Chakufwa Chihana 19, a kumpoto. Kuyambira pamenepo tinayamba kukhulupirira kuti Mmalawi amavotera chilankhulo cha amayi ake basi. Koma nanga 2009? Bingu wa Mutharika anapeza 66 peresenti, kumpoto komwe anamuvotera, chifukwa anthu anaona makuponi a feteleza ndi chimanga m'nkhokwe. Ine ndine Mlomwe wa ku Thyolo, apongozi ndi Mtumbuka, koma chaka chimenecho tinachonga pa nkhope imodzi. Patangopita zaka ziwiri, mu Julayi 2011, anthu anafa pa zionetsero zotsutsa boma lomwelo, ambiri a iwo ku Mzuzu.

Khoti litathetsa chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, n'kunena kuti wopambana azipitirira theka la mavoti, linatseka khomo lina loipa. Kale munthu ankatha kulowa ku Sanjika ndi 36 kapena 38 peresenti, atangokokera chigawo chake ndi maboma angapo oyandikana. Tsopano ayenera kukapempha kwa eni zigawo zina, n'chifukwa chake migwirizano ya zipani yachuluka. Komabe lamuloli limangokonza za kalowedwe. Akalowa, nduna, akazembe, alembi a maunduna ndi mabodi a makampani a boma, zonse zimadutsa m'dzanja limodzi. Ndiye mukamva mu minibasi ya ku Limbe wina akuti "ino ndi nthawi yathu," musamuyese wopenga. Wawerengera bwino komwe ntchito ndi makontrakiti a boma zimachokera.

Chomwe ndimasirira ku Beira n'choti anthu a mumzindamo anapeza pogwira. Daviz Simango, yemwe sanali wa Frelimo, anakhala meya kuchokera pa chisankho cha 2003 mpaka imfa yake mu 2021. Otsutsa ankaluza ku Maputo koma ali ndi mzinda woyendetsa, ngalande zokonza, misika yotolerako msonkho. Kuno makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka 2014, ndipo anthu ambiri sanadandaule n'komwe. Mpaka lero khonsolo imadikira ndalama kuchokera ku Capital Hill. Anthu a kumpoto atayamba kukamba za ulamuliro wa m'zigawo cha m'ma 2014, ambiri kuno tinangoti akufuna kugawa dziko, osafunsa kuti chawawawa n'chiyani.

Ku Mozambique, zokambirana za mtendere zomwe zinathera pa pangano la mu Ogasiti 2019 pakati pa pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo Ossufo Momade zinabweretsanso lamulo la mu 2018 loti abwanamkubwa a zigawo azichokera m'chisankho. Pa chisankho cha 2019 Frelimo inatenga zigawo zonse khumi, ndipo pambali pa bwanamkubwa aliyense pulezidenti anaikapo nthumwi yakeyake yokhala ndi mphamvu zambiri. Chisankho cha Okutobala 2024 chitatha, achinyamata otsatira Venâncio Mondlane, wotsutsa yemwe anakana zotsatira, anatseka misewu kuyambira ku Maputo komweko, kwawo kwa Frelimo, osafunsana mtundu. Mathanki a mafuta anavutika kudutsa, mizere ya pa filing'i mu Blantyre inatalika, ndipo pofika Disembala mabanja anali akuwoloka kulowa ku Nsanje.