Chifukwa chake ulendo wathu wa ku Langtang umatenga masiku 9

Bizinesi yathu ndi yotsogolera alendo oyenda pansi m'chigwa cha Langtang, kumpoto kwa Kathmandu m'dziko la Nepal. Tinasankha chigwa chimenechi chifukwa sipafunika ndege. Basi imachoka ku Kathmandu m'mamawa, kudutsa ku Dhunche, n'kukafika ku Syabrubesi madzulo, ndipo m'mawa mwake mwayamba kukwera. Mlendo aliyense timamukonzera chiphaso cholowera m'nkhalango ya Langtang National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1976, ndipo gulu lathu silipitirira anthu 6. Akachuluka, phokoso limathamangitsa nyama, komanso mtsogoleri mmodzi sangaone bwino amene wayamba kufooka.

Tsiku loyamba loyenda ndi la m'nkhalango yothithikana, motsata mtsinje wa Langtang Khola mpaka pa kamudzi kotchedwa Lama Hotel, komwe kali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,470 kuchokera pamlingo wa nyanja. Apa ndiye pali chuma chathu. Anyani a nkhope yakuda otchedwa langur mumawaona m'mitengo popanda kuwafunafuna. Kanyama kofiira kotchedwa red panda kamakhala m'nsungwi za kumtunda, koma n'kamanyazi kwambiri, moti sitilonjeza munthu kuti akakaona. Timangonyamuka kusanawale bwino n'kumayenda mwakachetechete. Mulinso zimbalangondo zakuda, n'chifukwa chake palibe amene timamulola kutsala yekha m'mbuyo kapena kuyenda kukada. Mu Malichi ndi Epulo mitengo ya rhododendron imachita maluwa ofiira phiri lonse. Kuyambira Juni mpaka Seputembala sititenga alendo: mvula imagumula njira, ndipo misundu imalowa mpaka m'masokosi.

Ambiri amachoka pa Lama Hotel n'kukagona pamudzi wa Langtang tsiku lomwelo, mamita 3,430. Kumeneko n'kukwera mamita oposa 900 tsiku limodzi, pomwe madokotala amalangiza kuti mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 usiku uliwonse. Pofuna kumvetsa, ganizirani kuti nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo mudziwu uli pamwamba kuposa pamenepo. Ife timagona kaye cha ku Ghodatabela, mamita pafupifupi 3,000. Tsiku lowonjezerali limakweza mtengo, ndipo ena amatithawa chifukwa cha zimenezi, koma sitilichotsa. Mpweya kumwambako ndi wochepa, thupi limafuna nthawi kuti lizolowere. Mutu ukayamba kuwawa, munthu n'kumachita nseru kapena kusowa chilakolako cha chakudya, sitikweranso naye. Akayamba kudzandira kapena kubanika ali chikhalire, timatsika naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Mudzi wa Langtang umene mukaugonemo ndi womangidwanso. Pa 25 Epulo 2015 chivomezi chinagwetsa chigumukire cha miyala ndi madzi oundana kuchokera paphiri la Langtang Lirung, n'kukwirira mudzi wakale. Njira imadutsa pamwamba pa miyalayo. Timapempha alendo kuti adutse mwaulemu, ndipo timaonetsetsa kuti tikugona ndi kudya m'nyumba za alendo za mabanja a komweko, kuti ndalama itsale kwa amene anamanganso. Chakudya chomwe timalimbikitsa ndi dal bhat, mpunga wa msuzi wa mphodza ndi ndiwo zamasamba, chifukwa amaphika tsiku lomwelo ndipo amawonjezera mukapanda kukhuta. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala.

Wonyamula katundu mmodzi amathandiza alendo awiri, ndipo chikwama cha mlendo aliyense sichipitirira makilogalamu 10. Timayeza pasikelo tisananyamuke. Jekete, nsapato ndi inshulansi za onyamulawa timalipira ife. Mukakumana ndi nyulu kapena ng'ombe za yak zitasenza katundu, imani mbali ya kuphiri, osati ya kuphompho. Makoma a miyala yolembedwa mapemphero muziwadutsa ali kudzanja lanu lamanja, monga amachitira eni mudzi.

Pamudzi wa Kyanjin Gompa, mamita 3,870, timagona masiku awiri. Amene thupi lazolowera amakwera phiri la Kyanjin Ri m'mamawa mitambo isanaphimbe mapiri, ena amakagula tchizi cha mkaka wa yak pafakitale yaing'ono ya pamudzipo. Kutsika kubwerera ku Syabrubesi ndi masiku awiri, ndipo ndi pamene mawondo amavutika, choncho ndodo zoyendera timazigawa tsiku loyamba lomwelo.