Mmene tingasamalire tchalitchi chakale ngati cha St Peter ku Likoma

Tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter pa chilumba cha Likoma anayamba kuchimanga amishoni a bungwe la ku Britain la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) m'chaka cha 1903, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Nyumba za msinkhu umenewu zili ndi adani awiri: madzi, komanso simenti imene amapaka anthu a mtima wabwino ofuna kuthandiza.

Ntchito iyambire kudenga. Kwerani mvula isanayambe, muone malata odooka, misomali yoguluka ndi ngalande zodzadza masamba. Gogodani mitanda ya denga ndi nyundo. Ikalira ngati ng'oma, chiswe chadya mkati. Pansi napo, nthaka itsetsereke kuchoka kukhoma kuti madzi asamadikhe m'mbali mwa maziko. Kupenta khoma denga likudontha ndi kutaya ndalama za mpingo.

Tsono nkhani ya simenti. Makoma akale omangidwa ndi laimu kapena dothi amamwa chinyezi n'kuchitulutsanso kudzera m'mipata ya pakati pa njerwa. Mukamata mipatayo ndi simenti, chinyezi chimasowa potulukira, chimalowa m'njerwa momwemo pamodzi ndi mchere, njerwa n'kuyamba kufumbutuka simenti ili chilili. Mukaona zoyera ngati ufa m'munsi mwa khoma, mcherewo ndi umenewo. Penti wa oyilo amachitanso zomwezo.

Mankhwala ake ndi laimu yemweyo. Mviikeni m'dzenje la madzi kwa miyezi yosachepera 3 kuti akhale ngati phala lolimba. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa 3 za mchenga wa mibulu, wotsukidwa bwino. Kolopolani mpata uliwonse ndi tchizulo ya pamanja, kuya kwake kuwirikize kawiri kukula kwa mpatawo. Galainda ayi, imadya m'mphepete mwa njerwa. Nyowetsani khoma, tsinderani laimu pang'onopang'ono, kenako phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata yathunthu. Akauma msanga padzuwa la kunyanja amang'aluka n'kugwa. Amisiri ozolowera simenti amadandaula kuti ntchitoyi ndi yochedwa, ndipo akunena zoona, koma kuithamangira kumachititsa kuti mudzaibwereze.

Mapemphero a masiku ano amafuna magetsi, zokuzira mawu, kiyibodi ndi malo a makwaya. Zonsezi zilowe m'njira yoti mawa zikhoza kuchotsedwa osasiya bala. Mawaya asakumbiridwe m'khoma. Adutse m'mapaipi kumtunda, ndipo zomangirira zikhomedwe m'mipata ya laimu, osati pa njerwa kapena pa mwala. Nyumba yaitali chonchi imabweza mawu, choncho masipika awiri akuluakulu kutsogolo amangosokosera, akumbuyo osamva ulaliki. Ang'onoang'ono angapo, otsatana m'mbali, olozetsedwa kwa anthu komanso otsitsidwa mawu, amamveka bwino kwambiri.

Pakhomo pafunika njira yotsetsereka ya oyenda pa njinga za olumala ndi agogo a ndodo: ikakwera mita imodzi, italike mamita 12. Ikhale ya matabwa kapena ya chitsulo, yongoyedzamira masitepe akale. Mabenchi a kumbuyo akakhala onyamulika, malowo amathanso kuchitirapo misonkhano ya amayi ndi maphunziro a achinyamata. Zimbudzi ndi khitchini zimangidwe padera, kutali ndi maziko, chifukwa paipi imodzi yodontha pansi pa khoma imabweretsanso chinyezi ndi chiswe chimene munavutika kuthamangitsa.