Zikomo kwa onse amene munadzutsa bokosi la bambo

Abale ndi alongo, bokosi la zida zojambulira mapulani la malemu bambo anga labwerera kunyumba sabata ino, ndipo chilichonse cha m'kati mwake chikugwiranso ntchito. Ndalemba poyera chifukwa munagwirapo anthu ambiri, ena simudziwana n'komwe.

Amene mumatidziwa mukukumbukira kuti namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, anatigwetsera nyumba ku Chilobwe. Ife tinatuluka amoyo tonse pamene anansi athu ankaika maliro, moti za bokosi sindinkazitchula pagulu. Koma mumtima zinkandiwawa, pakuti ndicho chokha cha bambo chimene tinali nacho. Iwo anayamba ntchito yojambula mapulani nthawi imene mzinda wa Lilongwe unkamangidwa, likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975. AutoCAD, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani, inadzatuluka mu 1982, ndipo kuno inafika mochedwa. Khoma lililonse, ngalande iliyonse pa pepala, ankachita kulemba ndi dzanja ndi zida zimenezi, ndipo sukulu yathu inalipiridwa ndi ntchito imeneyo.

Ndiyambe ndi iwe mphwanga wa kwa aneba, amene unalipeza m'matope ukufukula malata akwanu. Zitsulo zake zimawala ngati siliva, ukanatha kukagulitsa osauza munthu. Unabwera nalo kwa amayi litakulungidwa m'thumba la ufa. Makolo ako anakulera bwino, Mulungu akudalitse.

Titatsegula tinagwa mphwayi. Miyendo ya makampasi ndi madivayida sinachite dzimbiri chifukwa ndi ya chitsulo chosakaniza kopa, nikelo ndi zinki, inangoderako. Koma masingano, timasipuling'i ndi tima screw, zomwe ndi za chitsulo cha stilo, zinali zitagwirana ndi dzimbiri. Pa zidazo panalembedwa Kern Aarau. Imeneyi ndi kampani ya ku Switzerland imene inayamba mu 1819, ndipo fakitale yake inatsekedwa mu 1991, choncho panalibe koitanitsa zosinthira. Apa ndi pamene ndikuthokoza abambo okonza mawotchi ku Limbe. Bambo, munandiletsa kupotokola chilichonse ndi pulayala. Munaviika zonse m'palafini, n'kumamasula kamodzikamodzi pamene mwapeza mpata pakati pa mawotchi a makasitomala anu. Ka screw ka kampasi yaing'ono yojambulira timizere tozungulira tating'ono kwambiri kanali katadyeka, inu munasula kena kolowa bwinobwino. Ndalama imene munalandira sikufanana ndi maso amene munawononga.

Zikomo kwa akalipentala a ku Ndirande amene munasema thabwa latsopano la m'kati, chida chilichonse ndi malo ake, komanso kwa amayi a telala a kumpingo kwathu amene munamata nsalu ya veleveti osalandira kanthu.

Tsopano agogo, inu amene munkagwira ntchito ofesi imodzi ndi bambo. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Tinali titatsuka zonse, koma ma ruling pen, zolembera mizere ndi inki, sankalemba, ndipo panalibe aliyense wa ife wodziwa chifukwa chake. Inu munangoyang'ana kunsonga n'kunena kuti milomo yasiyana kutalika. Cholemberachi chili ndi timipeni tiwiri tachitsulo toyang'anizana, ndipo ka screw ka pambali ndi kamene kamatiyandikizitsa kapena kutitalikitsa kuti mzere ukhale wopyapyala kapena wonenepa. Munatenga mwala wonolera, n'kudonthezapo mafuta, n'kuyamba mwalinganiza nsonga ziwirizo. Kenaka munanola kunja kokha, pang'onopang'ono, mukukwezera pa kuwala kwa pawindo. Manja anu amanjenjemera mukanyamula kapu ya tiyi, koma pa mwalawo sananjenjemere.

Munandiphunzitsanso kuti cholemberachi sachiviika m'botolo. Inki amachita kudontheza pakati pa timipenito, pang'ono chabe, n'kupukuta kunja konse chisanafike pa pepala. Ukachedwa inki imauma, ukachipendeka molakwika inki imalowa pansi pa T-square, rula yowongolera mizere, n'kumwazika, ndiye ntchito ya tsiku lonse uyambe kupala ndi lezala. N'chifukwa chake, monga munanenera, zolembera za Rotring za ku Hamburg, zija za Rapidograph zimene zinatuluka mu 1953, zitafika m'maofesi anyamata ambiri anasiya ma ruling pen. Bambo anga ankagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Mutalemba mzere woyamba pa pepala, woongoka, wofanana kunenepa kuyambira uku mpaka uko, amayi analira. Anati kafungo ka inkiyo ndi kamene kankakhala pa malaya a amuna awo. Agogo, zimene munatiuza tsiku limenelo za mmene bambo ankagwirira ntchito, ife ana awo sitinkazidziwa.

Pali amene anandilangiza mwachikondi kuti ndiligulitse kwa anthu akunja osonkhanitsa zinthu zakale, ena akuti ndilikhomere m'kabati ya galasi. Ndakumvani, koma ayi. Anthu onsewa sanavutikire chokongoletsera pabalaza. Mwana wa achemwali anga akuphunzira zomangamanga, ndipo ngakhale ntchito yake yambiri idzakhala ya pa kompyuta, ndikufuna adziwe kugawa mzere ndi divayida ndi kuyeza sikelo ndi dzanja lake. Bokosili azilitsegula iyeyo.

Achimwene a ku Johannesburg, ndalama munatumiza zija ndi zimene zinalipira zonsezi. Zikomo kwambiri, amayi akuti muimbe Lamulungu.

Aphunzitsi a Technical Drawing a muno mu Blantyre, ngati mukufuna kuti ana anu aone zidazi zikugwira ntchito, ndilembereni ku inbox. Agogo avomera kubwera nafe kudzawasonyeza, bola tiwatenge pa galimoto chifukwa miyendo siikuwalolanso kukwera minibasi.