Mbale yodzaza mankhusu: mmene tinayambira kuweta ndi kugulitsa mbalame

Mbalame yoyamba imene inafera m'manja mwathu inafa ndi njala, mbale yake ili yodzaza. Aliyense akandifunsa kuti bizinesi yathu inayamba bwanji ndimayambira pamenepo, ngakhale kuti amuna anga amati nkhani imeneyi ndimathamangitsa nayo makasitomala.

Mnansi wathu wina akusamuka anatisiyira timbalame tiwiri ta mtundu wa budgie, kena kobiriwira kena kabuluu, pamodzi ndi khola lake ndi kathumba ka njere. Tinali tisanawetepo mbalame ya m'nyumba. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'mbale, ndikaona kuti chakudya chilimo ndinkangosintha madzi basi. Sindinkadziwa kuti budgie sameza njere yathunthu ngati nkhunda. Amaisenda ndi mlomo, kudya zam'kati, khoko n'kuligwetsera m'mbale momwemo. Pakapita masiku angapo mbale imaoneka yodzaza, pomwe muli mankhusu okhaokha. Kambalame kolemera magalamu 30 mpaka 40, kamene thupi lake limatentha kupitirira madigiri 40, sikachedwa kutha mphamvu. Sikapirira njala ngati galu. Kabuluu kaja ndinakapeza m'mawa wina kali gone pansi pa khola. Nditatenga mbale n'kuuziramo, zonse zinauluka, pansi pake panalibe ndi njere imodzi yomwe.

Manyazi ndi amene anandiphunzitsa. Ndinayamba kuwerenga chilichonse chokhudza timbalameti, mpaka ndinadziwa kuti kwawo ndi ku Australia kumene timayenda m'magulu akuluakulu, ndi kuti amene anakafika nato ku England ndi katswiri wa mbalame John Gould mu 1840. Ndinadziwanso kuti kachikopa ka pamwamba pa mlomo, pamene pali mphuno, ndi kamene kamaulula ngati ndi tambala kapena thadzi: wamwamuna wamkulu kamakhala kabuluu, wamkazi kamakhala kotuwa kapena kofiirira. Wobiriwira uja anali wamwamuna. Tinamupezera mkazi, amuna anga anakhoma kabokosi koikiramo, ndipo posakhalitsa munali mazira 5. Anawakhalira masiku 18, tiana n'kumaswa kamodzikamodzi, tamaliseche, tonyansa kuona. Patatha mwezi ndi masiku ochepa tinayamba kutuluka m'bokosi tili ndi nthenga zonse. Alendo obwera pakhomo anayamba kufunsa ngati tikugulitsa. Tinati ee, tisanakhale n'komwe pansi kuti tikambirane.

Chaka choyamba tinkagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Tinawonjezera makola, tinabweretsa macockatiel ndi malovebird, kenako macanary ochepa. Zinkaoneka ngati zikuyenda. Koma foni inayamba kulira ndi mawu amodzimodzi: "Mayi, mbalame ija yangofa mwadzidzidzi. Dzulo inali bwinobwino." Ena ankafuna ndalama zawo, ena ankangolira. Amuna anga, amene ndi munthu wa kope ndi bolopeni, anayamba kulemba imfa iliyonse: khola linali lotani, linali pati, mbalame inkadya chiyani, inali yokha kapena ayi. Kope litafika pakati tinaona kuti palibe imene inafa mwadzidzidzi. Mbalame imabisa matenda. Kutchire yooneka yofooka ndi imene kabawi amayamba kugwira, choncho imadzilimbitsa mpaka itatheratu. Mwini wake akamaiona itafufumitsa nthenga tsiku lonse, yakhala pansi m'malo mokhala pa kamtengo, mchira ukukwera ndi kutsika popuma, ndiye kuti yadwala kale masiku angapo.

Tisanayambe kuphunzitsa ena, ife tomwe tinaphunziranso mowawa. Nyengo ina yozizira tinasunthira makola awiri kufupi ndi khitchini kuti tiana timve kutentha. Madzulo ena ndinaiwala pamoto chiwaya chosakakamira chakudya, zija zopakidwa mankhwala a PTFE amene amatulutsa mpweya wa poizoni akatentha kwambiri, chilibe kanthu. Ine sindinamve fungo lililonse. Ola lisanathe mbalame 5 zinali pansi. Dokotala wa ziweto anandifotokozera mondimvera chisoni kuti mbalame siipuma ngati ife. Kuwonjezera pa mapapo ili ndi timatumba ta mpweya, kawirikawiri 9, timene timachititsa kuti mpweya uzidutsa m'mapapo mbali imodzi mosalekeza, pokoka ndi potulutsa pomwe. N'zimene zimaithandiza kuuluka, koma ndi zomwezonso zimachititsa kuti poizoni wa mumpweya aziipha msanga. Anandikumbutsa za macanary amene ankalowa nawo m'migodi ya malasha kuti awachenjeze za mpweya woipa, mwambo umene ku Britain unatha mu 1986. Kuyambira tsiku limenelo funso langa loyamba kwa wogula ndi lakuti khola akaliika pati. Akati kukhitchini, timayamba takambirana. Utsi wa fodya, mankhwala opopera udzudzu, makandulo onunkhira, penti watsopano, zonsezi zili m'gulu lomwelo.

Phunziro lina linatitsekera bizinesi mwezi ndi theka. Tinagula macockatiel angapo kwa woweta wina, ooneka onenepa bwino, n'kuwasakaniza ndi athu tsiku lomwelo. Mmodzi anayamba kutuluka madzi m'mphuno, zitosi zake zikusanduka zobiriwira. Atayeza anapeza psittacosis, matenda obwera ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia psittaci, amene amagwiranso anthu kudzera m'fumbi la zitosi zouma. Mbalame zonse zinamwa mankhwala masiku 45, ife tikutsuka makola titavala zotseka pakamwa, osagulitsa ndi imodzi yomwe. Masiku ano mbalame yachilendo imakhala m'chipinda chayokha masiku osachepera 30, ndi mbale zakezake, ndipo ndimaisamalira pomaliza ndikathana ndi zinazo.

Titatsegulanso tinasintha kagulitsidwe. Munthu akabwera sitimutengera kumakola kaye, chifukwa akangoona mitundu ya nthenga makutu amatseka. Timamukhazika pansi. Pakhomo mumakhalapo maola angati? Muli ndi ana aang'ono, mphaka, munthu wa mphumu? Anzanu oyandikana nawo amapirira phokoso? Mukufuna mbalame yoti muziiona ndi kuimva, kapena yoti izikhala paphewa?

Funso lomalizali ndi limene limagawa anthu. Wofuna nyimbo m'nyumba koma alibe nthawi, ndimamuuza za canary wamwamuna, chifukwa woimba ndi wamwamuna, ndipo safuna kugwidwagwidwa. Wofuna bwenzi koma ndi koyamba kuweta, budgie kapena cockatiel. Cockatiel ndimamukonda kuposa onse, ndivomere. Tsumba lake limakuuza zonse: likaima njo wadzidzimuka, likagona chagada pamutu wakwiya, likakhala pakatikati mtima uli m'malo. Koma ali ndi fumbi loyera la m'nthenga limene limavuta anthu a chifuwa, amadzidzimuka usiku n'kumadzimenyetsa m'khola ngati m'chipinda muli mdima wa ndiweyani, ndipo amakhala zaka 15 mpaka 20. Mwana wa zaka 8 amene akumulirira lero adzakhala atachoka pakhomo mbalame ikadali moyo, ndiye ndimayang'ana makolo, osati mwanayo. Za lovebird ndimangonena chilungamo: dzina ndi lokoma, mlomo ndi wowawa. Wamkazi akayamba kuteteza malo ake amaluma chala mpaka magazi, ndipo amatha kuvulaza budgie mukawaika khola limodzi.

Khola ndi pamene timakanganirana kwambiri. Anthu amakonda aja ozungulira, aatali, okongola ngati nyali. Ife sitigulitsa. Mbalame iuluka chopingasa, siikwera ngati chikepe, choncho khola lizikhala lotambalala kuposa kutalika, lokhala ndi ngodya zoti izibisalamo ikachita mantha. Kwa budgie mipata ya waya isapitirire masentimita 1.2, apo ayi alowetsa mutu n'kukanirira. Timitengo tokhalapo tisakhale tofanana; timadula nthambi zazikulu ndi zazing'ono kuti mapazi asamagwire malo amodzimodzi mpaka kuchita zilonda. Ndipo usiku igone maola 10 mpaka 12 pamalo a phee, osati pafupi ndi TV.

Pa chakudya ndiye kope la amuna anga linadzaza. Njere zokha zili ndi mafuta ambiri koma vitamini A ndi kashiamu n'zochepa, makamaka mpendadzuwa umene mbalame zimaukonda ngati mwana ndi switi. Mbalame yodya njere zokha imanenepa, chiwindi chimadzaza mafuta, ndipo yaikazi dzira limatha kuikanirira m'mimba. Tiana tathu timatizoloweretsa tidakali tating'ono kudya chakudya cha timibulu chopangidwira mbalame, masamba obiriwira, karoti wopala, ndipo fupa la cuttlefish (kanyama ka m'nyanja), lopatsa kashiamu, silichoka m'khola. Mbalame yokulira pa njere zokha ukaipatsa tsamba imaliyang'ana ngati njoka, ndipo kuisintha kumafuna milungu, pang'onopang'ono, osaimana njere kamodzin'kamodzi. Peyala, chokoleti, khofi, mowa ndi zamchere wambiri, zimenezo osayesa n'komwe. Aliyense wogula amachoka ndi pepala lolembedwa tsiku limene mbalame inaswa ndi kulemera kwake, ndipo ndimamupempha kuti aziiyeza pa sikelo ya kukhitchini kamodzi pa mlungu. Sikelo imaona matenda maso asanaone. Asanatuluke pakhomo ndimamupatsanso mbale ya mankhusu kuti auziremo yekha.

Pali mbalame imodzi imene sitiweta ndiponso sitigulitsa, ngakhale ndi imene anthu amaifunsa kwambiri: chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija amati African grey. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire, wovala bwino, atangopuma pantchito. Ankafuna chinkhwe cholankhula, ndipo anati ndalama si vuto. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, pepani ndifunse, mbalameyi mudzasiyira ndani?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ndinawafotokozera kuti chinkhwe chimenechi chimatha kukhala zaka 40 mpaka 60, kuti chili ndi nzeru zoti ukachisiya chokha tsiku lonse chimayamba kudzizula nthenga mpaka pachifuwa pambalambanda. Ndinawauza za Alex, chinkhwe chimene wasayansi Irene Pepperberg anachita nacho kafukufuku zaka 30 mpaka pamene chinafa mu 2007, chimene chinkatchula mitundu ndi maonekedwe a zinthu ndi kuwerenga manambala ang'onoang'ono. Cholengedwa chotere si chokongoletsera pabalaza. Ndinawauzanso kuti zinkhwezi zinagwidwa kwambiri m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, mpaka msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) wa ku Johannesburg mu 2016 unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zogwidwa kutchire. Wokugulitsani chinkhwe chopanda mapepala, ndinatero, dzifunseni kuti wachitenga kuti.

"Ndiye mukundipatsa chiyani, mayi?" anafunsa mopsa mtima. Ndinawaonetsa kabudgie kakamuna ka milungu 7. Anaseka monyoza. Ndinati mbalame imene inalembedwa m'buku la Guinness la zinthu zopambana padziko lonse kuti inkadziwa mawu ambiri, 1,728, inali budgie wotchedwa Puck, osati chinkhwe chachikulu. Sanakhulupirire, ananyamuka osatsanzika. Amuna anga usiku umenewo sanandilankhule kwambiri, poti mwezi umenewo ndalama zinali zovuta, ndipo ankadziwa munthu amene akanatipezera chinkhwecho.

Apa ndinene za ndalama, poti ndi bizinesi. Chiyambireni mafunsowa timagulitsa mbalame zochepa kuposa kale, ndipo ena amachokadi osabweranso. Koma mbalame yamoyo imadya mwezi uliwonse, imafuna timitengo tatsopano, zoseweretsa, kuwenga zikhadabo, ndi malo okhala mwini wake akapita paulendo. Lero gawo lalikulu la zimene timapeza limachokera ku chakudya, makola amene amuna anga amapanga, ndi kusunga mbalame za anthu. Mbalame yofa pa mwezi wachitatu inkatipatsa ndalama kamodzi n'kutisiyira mbiri yoipa. Tachepetsanso kuswetsa: thadzi lililonse limaikira kawiri pa chaka basi, kenako bokosi timachotsa kuti lipume. Sindinganene kuti talemera. Maholide sitiwadziwa, chifukwa nthawi imene ena akupita kokayenda ndi imene chipinda chosungira chimadzaza.

Bambo aja anabweranso patatha miyezi iwiri, ali ndi mdzukulu wawo, n'kutenga budgie wamwamuna wachikasu. Anamuphunzitsa moni m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu. Mpaka lero sanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe, ndipo bambowo amandikumbutsa za Puck nthawi iliyonse tikakumana. Chimene anaphunzira ndi kutsokomola kwa mbuye wake, ndendende, kawiri motsatizana kenako kukonza kukhosi. Mlungu uno ali kwathu chifukwa bambowo apita kukaona mwana wawo, ndipo amuna anga alowa kale kawiri m'chipindamo kuyesa muli munthu. Madzulo alionse foni imalira. Moni sachedwa naye, amangofunsa kuti sikelo yati bwanji. Dzulo inati magalamu 36.