Hurricane ya ku Burma yopangira ku Kasungu

Bokosi linabwera ndi msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg: tizidutswa ta pulasitiki ta kampani ya Airfix tomatira kachitsanzo ka Hawker Hurricane Mk.I, ndege ya Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pa muyeso wa 1/72. Ndege yeniyeni mapiko ake ndi mamita 12.19, ndiye kachitsanzoka kamakwana masentimita pafupifupi 17. Koma mtima wanga sunali pa ndege ya ku England ya 1940. Agogo anga aamuna anali msilikali wa King's African Rifles, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw. Ankasimba kuti ndege za anzawo zikadutsa motsika pamwamba pa nkhalango, mtima unkakhala pansi. Kumeneko Hurricane Mk.IIc inagwira ntchito kwambiri, choncho ndinafuna kusandutsa yanga kuti ikhale imeneyo.

Ndinayamba ndi kutsuka tizidutswa tonse ndi sopo kuti penti idzagwire, kenako kutidula pa chimango chake ndi lezala. Mpando wa woyendetsa ndi mkati mwake ndinapentiratu ndisanamate thupi, chifukwa likatsekedwa burashi siilowanso.

Ntchito yeniyeni inali pamphuno. Mk.II inali ndi injini ya Merlin XX, ndipo mphuno yake inatalikirako pafupifupi mainchesi 4. Pa 1/72 ndi milimita imodzi ndi theka yokha, koma amene amaidziwa ndegeyi amaona. Ndinadula thupi kumbuyo kwa injini ndi kampeni kochekera zitsulo, pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera. Pampatapo ndinalowetsa zidutswa ziwiri za khadi la ku banki lotha ntchito. Lililonse ndi lokhuthala milimita 0.76, ndiye ziwiri zinangokwana ndendende. Mipata yotsala ndinathiramo supagulu ndi kuwazapo soda wophikira. Zimauma nthawi yomweyo n'kulimba ngati mwala, choncho muzithira pang'ono, apo ayi mudzakwecha ndi sandipepa mpaka usiku.

Mabowo asanu ndi atatu a mfuti za Browning ndinawatseka momwemo. Mk.IIc inali ndi mizinga inayi ya Hispano ya milimita 20, iwiri phiko lililonse. Ndinatenga chimango cha pulasitiki chija, kuchifewetsa pa kandulo, n'kuchikoka mpaka chinawonda ngati ndodo ya machesi yopyapyala. Zisanu ndi ziwiri zinapindika; zinayi zowongoka ndi zomwe ndinamata.

Chinandivuta kwambiri ndi sefa ya mpweya ya Vokes, chibwano chachikulu chija cha pansi pa mphuno chomwe chinkateteza injini ku fumbi m'maiko otentha. Choyamba chomwe ndinasema chinatuluka chachikulu, ndinachichotsa. Chachiwiri ndinachiyerekeza ndi zithunzi za pafoni masiku atatu ndisanachimate. Ife a ku Kasungu sitifunika kuuzidwa chifukwa chake sefayo inalipo: fumbi la Okutobala lomwe limalowa m'nyumba ndi lomwe linandiwonongera penti yoyamba. Mayi a kunyumba ndiwo anandiuza kuti, "Bambo, muzipenta m'bandakucha mphepo isanayambe, mukatha muvundikire ndi beseni." Zinathandizadi.

Pamwamba ndinapaka zobiriwira ndi zofiirira ngati dothi, pansi zotuwa. Zizindikiro za m'bokosi sindinazigwiritse ntchito. Zinali ndi kadontho kofiira pakati, pomwe ndege za Britain za ku Burma zinachotsa kufiirako kuti zisamasokonezedwe ndi dzuwa lofiira la ndege za Japan. Ndinadula timabwalo pa tepi ya mapepala n'kupaka buluu wakuda kunja, buluu wowala mkati. Limodzi la paphiko lakumanzere linapendekeka pang'ono ndipo ndilibwereza.

Chatsala ndi waya wa eriyo, womwe ndikokanso pa kandulo, ndi vanishi womaliza. Ameneyo ndikudikira mvula yoyamba kuti fumbi likhale pansi kaye.